Ndinathawa ndi Anthu a Nsomba

Linali tsiku la nsomba. Kwathu tinkalitcha choncho tsiku limene Achikunda a ku Zambezi ankakwela kumapili kudzasinthanitsa nsomba zouma ndi chimanga. Mudzi wathu unali ku Mozambique, kumtunda kwa Tete, Apwitikizi akali kulamulila. Mvula yoyamba inali itagwa. Ine Luwiza ndinali namwali wongovinidwa kumene.

Atate analawilila kumunda kukabzala. Mlongo wanga wamng'ono, Tomasi, anali kuthamangitsa nkhuku pabwalo. Amai anadzaza dengu ndi chimanga, nanditwika. Anati ndisankhe nsomba zosathyoka mitu, ndipo ndisachedwe kumeneko.

Achikunda sankalowa m'mudzi. Ankayala mphasa zawo pansi pa mkuyu wa kumtsinje. Ife a kumtunda tinkawapeputsa. Tinkati ndi anthu opanda nkhokwe, odya lelo zimene agwila lelo. Iwonso ankatiseka kuti timaopa madzi ofika m'mawondo, ndi kuti munthu wa kwathu akagwila ndalama amayamba wainunkhiza. Tinkagulana, koma sitinkakwatilana.

Tsiku limenelo anabwela ochuluka kuposa masiku onse. Anali ndi ana, miphika ndi mitolo ya nsalu. Sindinaganizepo kanthu. Ndinatula dengu langa pamaso pa mayi wina wamfupi, wobeleka mwana wamwamuna. Dzina lake ndinalidziwa pambuyo pake. Anali Amai Fulansika.

Anali atandiikila nsomba zitatu m'manja pamene tinamva malole. Asilikali anali atauza kale midzi yonse kuti isamukile kumudzi wa waya, kumene anthu ankatsekeledwa kuti asapatse chakudya anyamata a m'tchile omenyela ufulu. Akwathu anali atakana. M'mawa umenewo anyamata aja anali atabisala paphili, kudikila malolewo.

Poyamba ndinayesa wina akuthyola nsungwi zouma. Kenako mbalame zonse za mumkuyu zinauluka pamodzi. Utsi unakwela pomwe panali nyumba zathu.

Ndinayamba kuthamangila kumudzi. Amai Fulansika anandigwila nsalu m'chiuno, nandikokela pansi. Ananena mawu amodzi okha: "Ayi." Anandigwetsela m'khwawa la mtsinje, nandipanikiza mutu pamchenga. Mwana wawo ndinamumva akupumila pakhosi panga.

Zipolopolo zitachepa, amuna awo, a Domingu, anatiloza kuti titsate khwawa kulowela kumpoto. Ndinali nditasiya dengu langa pansi pa mkuyu. Amai Fulansika anakwawa kukalitenga, natolela chimanga chimene chinatayikila pamphasa. Anandisenzetsanso. Ndi mmene ndinayambila kuyenda ndi anthu amene sindinadyepo nawo mbale imodzi.

M'njila ndinamva chifukwa chake anabwela ndi ana ndi miphika. Mabwato awo anali ataswedwa ndi asilikali. Mudzi wawo unali utazingidwa kale ndi waya. Iwo anali paulendo wothawila ku Zambia, ndipo anaima kwathu kuti apeze chimanga cha panjila.

Tinkapewa misewu. A Domingu ankatsogola, atanyamula nkhwangwa. Akakweza dzanja, tonse tinkakhala pansi pomwepo, ngakhale pa minga.

Helikopita ikamveka, tinkalowa m'zitsamba chafufumimba. Mpango wanga unali wofiila. Amai Fulansika anauvula, naupaka matope mbali zonse, nandimanganso kumutu. Matope aja ataumila ankandiyabwa, koma sindinauvule.

Tinadutsa mudzi wina wopsa. Mitengo ya madenga inali ikufukabe. Panali mtondo woimilila, munsi uli momwemo. Nkhuku zinali kupalasa phulusa ngati palibe chachitika. Palibe anagwila nkhuku ngakhale imodzi, ngakhale tinali ndi njala.

Chimanga tinkachikazinga pa phale, moto waung'ono wa nkhuni zouma kuti usachite utsi. Nsomba ankaibenthula ndi zala. Gawo langa linkafanana ndi la wina aliyense. Iwo sankadziwa bwino za m'mapili, choncho akaona bowa ankandiitana kuti ndinene ngati ndi wodya. Masuku anali atayamba kupsa. Ndinkawatolela m'nsalu, n'kumafinyila mwana uja, Zuze, m'kamwa.

Mapazi anga anang'ambika. Mayi wina wa m'gululo anandimangila makungwa ofewa ndi luzi. Sindinamve dzina lake. Anali ndi chala chimodzi chopindika.

Sindinalile masiku amenewo. Ndinkayang'ana pansi, kufunafuna phazi la Amai ondibala pafumbi. Phazi lawo lamanzele linkaponda chammbali. Kangapo ndinayesa ndaliona.

Kenako tinafika pamtsinje wodzala. Mvula inali itagwa kumtunda, ndipo madzi anali ofiila, akukokolola mitengo. Pagombe panali khamu la anthu a kumtunda, a midzi ina, atangokhala. Ena anali atatha chakudya. Palibe mmodzi wa iwo ankadziwa kusambila. Ndinazungulila gulu lonse kuyang'ana nkhope. Amai panalibe. Bambo wina anati anaona anthu a kwathu akuthawila kum'mawa, koma sanathe kutchula maina.

A Domingu anayang'ana madzi nthawi yaitali. Ndiye anaitana anzawo, nalowa nawo m'tchile. Anasenda khungwa la mtengo waukulu lathunthu, naliwamba pamoto kuti lifewe, nalipinda nsonga zonse ziwili, nalisoka ndi luzi. Dzuwa lisanafike pamutu panali bwato.

Sanayambe ndi akwawo. Anayamba ndi amayi a kumtunda amene anali ndi makanda. Gogo wina anakana kukwela, akuti bola afele pouma. A Domingu anamunyamula ngati mtolo wa udzu, namukhazika pakati.

Nthawi yanga itakwana, anandiuza kuti ndiyang'ane msana wawo, osati madzi. Ndinayang'ana. Malaya awo anali ong'ambika pakati pa mapewa, ndipo thukuta linkatsika pamenepo. Madzi ankalowela m'msoko, nandinyowetsa ntchafu. Anandipatsa chipanda kuti ndizikapa. Ndinakapa osadzutsa mutu mpaka bwato linakhudza mchenga.

Anaolotsa aliyense. Manja awo anatuluka matuza, matuzawo naphulika. Atamaliza sanakhale pansi. Amai awo okalamba ndi anthu ena ochepa anali atawasiya atabisala kufupi ndi Zambezi, chifukwa sakanatha kuyenda msanga. Anauza akazi awo kuti akawadikile pamudzi woyamba wa ku Zambia. Anagwila Zuze pamutu. Anatenga nsomba ziwili, naolokanso.

Malile sindinawaone. Panalibe mpanda kapena chikwangwani. Ndinadziwa kuti tafika pamene tinatulukila pamunda wina n'kupeza mayi akulima. Ndege inadutsa patali, ife tonse tinagwa pansi. Iye sanadzutse n'komwe mutu. Anamaliza mzele wake, natsamila khasu, natiyang'ana.

Kunali kudela la Ndake. Anatipatsa madzi, kenako mbatata zophika. Chinsenga chawo chinali chofanana ndi cha kwathu, ndipo mayi uja atamva ndikuyankhula anandifunsa mfunda wanga. Chikunda sankachimva bwino. Ine ndi amene ndinkanena zimene Amai Fulansika akufuna.

Lole ya boma inabwela kudzatenga othawa nkhondo kupita nawo kukampu ku Nyimba. Amai Fulansika anakana kukwela. Tsiku lililonse ankapita kumapeto kwa munda uja, n'kuima moyang'ana kumwela. Chimanga chimene tinachipeza chikumela chinafika m'chiuno. Lole itabwelanso, anakwela.

Kukampu munthu wa boma anafunsa kuti ine ndine mwana wa yani. Ana opanda makolo ankawaika paokha. Ndisanatsegule pakamwa, Amai Fulansika anayankha.

"Wanga. Woyamba."

Anatipatsa tenti, mabulangeti, ufa wachikasu ndi makasu. Banja lililonse linalozedwa polima. Zambia inali itangolandila ufulu wake, ndipo anthu ake sanali olemela. Komabe anatipatsa malo. Zimenezi inu obadwila kuno muzidziwe.

Achikunda khasu silinawayanje. Minda yawo inkamela udzu. Koma kufupi kunali msewu waukulu wochokela ku Lusaka, ndipo iwo anauona ngati mtsinje. Amuna anayamba kupita ku Luangwa kukagula nsomba. Akazi ankagulitsa nsombazo ndi nthochi pamawindo a mabasi. Amai Fulansika anayamba ndi lichelo limodzi. Anandiphunzitsa kuthamanga ndi katundu pamutu osagwilila, ndi kubweza chenji basi ikunyamuka.

Iwo ndiwo anandikakamiza kupita kusukulu. Ndinali wamkulu kuposa onse m'kalasi, ndipo mawondo anga sankalowa pansi pa desiki. Mphunzitsi wathu anali wa mtundu wa Abemba, wotumizidwa kuchokela kumpoto. Anandiika kumbuyo pampando wake womwe, iye n'kumaphunzitsa choimilila. Sindinapite patali, koma kuwelenga ndi kulemba ndinadziwa.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa ndi kalipentala wa ku Nyimba komweko. Nditatsala pang'ono kubeleka mwana woyamba, Amai Fulansika anandipelekeza kuchipatala cha Minga. Kumalo ophikila odikilila odwala kunali mayi wina amene ankangondiyang'ana. Tsiku lina anabwela pafupi, nandigwila tsaya pomwe pali mphini zanga. Anati mphini zotele ankatema mayi mmodzi yekha, wa mudzi wakuti. Anatchula mudzi wathu. Anafunsa dzina la Amai. Nditatchula anakhala pansi.

"Ali moyo," anatelo. "Ali ku Kaumbwe, muno m'Zambia momwe. Malilo ako analila kale."

Uthenga utawapeza, Amai anafika pangolo ya ng'ombe, mwana wanga atabadwa. Anali atachepa thupi. Analowa m'chipinda akuponda chammbali monga kale. Sanandikumbatile. Anakhala pansi pambali pa bedi, nandigwila phazi, nalisisita nthawi yaitali. Tomasi anaima pakhomo, mnyamata wamtali wa ndevu, chipewa chili m'manja.

Anandiuza za Atate. Anawombeledwa m'munda mom'muja, mbewu zili m'chipanda. Amai anathawa ndi Tomasi kulowela kum'mawa, naolokela ku Kaumbwe pamodzi ndi otsala a m'mudzi mwathu. Palibe anabwelela kukaika malilo.

Kenako anafunsa amene anandisunga. Amai Fulansika anali panja, akuchapa matewela. Amai anatuluka, nagwada pamatope pomwepo, nayamba kuomba m'manja. Amai Fulansika anawadzutsa ndi manja a thovu. Ine ndinaonela pawindo. Zimene anakambilana sindinazimve, ndipo palibe mwa awiliwo anandiuzapo.

Kuyambila pamenepo ndinakhala munthu wa kuwili, ndipo ndinaona mmene anthu othawa nkhondo imodzi anasiyanilana.

A ku Kaumbwe sanapite kukampu. Anafikila kwa anthu a mfunda wawo, a Tembo kwa a Tembo, a Mwanza kwa a Mwanza, ngakhale sanaonanepo. Eni mudzi anawadulila minda, nawabweleka mbewu ndi ng'ombe zolimila. Mlendo akafunsa, onse ankati anabadwila pomwepo. Ankaopa kuti boma likadziwa liwatengela kukampu, kutali ndi nthaka. Chifukwa cha mantha amenewo ankapewa maofesi, ndipo ambili sanatumize ana kusukulu. Tomasi sanaloweko ngakhale tsiku limodzi. Koma pamene ndinamupeza anali ndi nkhokwe ziwili, munda wa thonje ndi ng'ombe zake.

A ku Nyimba aliyense ankawadziwa kuti ndi obwela. Kuyankhula kwawo kunkawaulula. Ana kusukulu ankawatcha Apwitikizi. Nthaka imene anapatsidwa sinali yoti n'kusiyila adzukulu. Chuma chawo chinali m'malichelo, kenako m'matebulo, kenako m'tisitolo ta malata. Zimene ankapeza ankagulila mayunifolomu. Zuze anamaliza sukulu, nakhala dalaivala wa basi.

Mozambique italandila ufulu, ambili a kukampu anabwelela. Amai Fulansika anapita kukafunsa za amuna awo. Anafika mpaka ku Zambezi. Anapeza anthu atsopano pamalo a mudzi wawo, ndipo palibe anadziwa kanthu. Anabwelanso ku Nyimba, nayala nthochi zawo pamalo akale. A ku Kaumbwe sanaganize n'komwe zobwelela. Anali atabzala mango.

Ana a magulu awiliwa anakula akusekana, monga ankachitila makolo awo pansi pa mkuyu. A ku Nyimba ankati abale awo a ku Kaumbwe amavula nsapato polowa m'basi. A ku Kaumbwe ankati munthu wogula ufa m'sitolo ali ngati nkhuku ya m'khola, imadya mwini akakumbuka. Ndamva inu adzukulu anga mukunena zofanana ndi zimenezi pa maukwati. Mumaseka, koma nthawi zina mawu amatsala.

Kunabwela zaka zimene masitolo anauma, nthawi ya chipani chimodzi. Tinkaima pamzele kuyambila m'mawa kudikila ufa, n'kubwelela chimanjamanja. Ndalama tinali nazo, chogula panalibe. Ndinapita ku Kaumbwe ndi matumba opanda kanthu. Tomasi anatsegula nkhokwe. Sanafunse kuti chimangacho chikadyedwa ndi angati. Anauzanso anzake a m'mudzi, ndipo ngolo zinapita kumsewu zitadzala. Mabanja a Achikunda amene sanali abale athu anadya chimanga chimenecho.

Zinthu zinatembenukanso. Chaka china mvula inadula msanga, thonje silinabale, ng'ombe zinafa ndi matenda. Mwana wa Tomasi anadwala kwambili, ndipo panalibe wodziwa kuyankhula ndi adokotala a ku Lusaka. Zuze anamunyamula pabasi yake, namugoneka kwa mnzake, namuyendela mpaka anachila. Atabwela naye anauza Tomasi kuti atumize ana ake awili akhale ku Nyimba, aziphunzila. Tomasi anakana kawili. Kachitatu anawabweletsa yekha panjinga. Mmodzi wa iwo anadzakhala namwino.

Sindinganene kuti awa ndiwo anapeza bwino kuposa awo. Ana a ku Nyimba anabalalika. Ali ku Lusaka, ku Chipata, kumigodi. Amavala bwino, amalipila lendi, ndipo ntchito ikatha alibe kolowela. Chikunda anaiwala. Ana a ku Kaumbwe ali pamodzi, minda ikuchepelachepela pogawana. Njala yeniyeni saidziwa kawilikawili, koma mwana akafuna sukulu yapamwamba amagulitsa ng'ombe yomaliza. Ambili a iwo sadziwa n'komwe kuti agogo awo anachokela kutsidya. Masiku ano amakwatilana. Mwana wanga wachiwili anakwatila mdzukulu wa mayi wina amene anali m'bwato lija.

Nkhondo yachiwili itabuka ku Mozambique, anthu ena anabwelanso, mapazi ali otupa ngati athu. Amai Fulansika anali atakalamba. Ankakhala pamsewu ndi lichelo, ndipo othawawo akadutsa ankawapatsa nthochi osalandila kanthu. Aliyense ankamufunsa kumene wachokela. Akatchula kufupi ndi Zambezi, ankamufunsanso ngati anaonapo a Domingu.

Amai Fulansika anamwalila nyengo yozizila, m'nyumba mwanga. Zuze anafuna kuwaika kumanda a pa boma, pakati pa anthu osawadziwa, poti Achikunda analibe manda awoawo. Uthenga utafika ku Kaumbwe, Amai anatumiza Tomasi ndi ngolo. Anati munthu ameneyu ali ndi kwawo. Akulu a mudzi anavomela, ngakhale sanali wa mfunda uliwonse wa kumeneko. Anthu a pamsewu anatseka matebulo awo, napita onse. Kwa ena kanali koyamba kuponda m'mudzi umenewo. Anagona m'nyumba za a Tembo ndi a Mwanza.

Amai anatsatila patapita zaka zochepa. Anali atanena kale malo amene akufuna.

Atate alibe manda. A Domingu alibe manda, ndiponso amai awo amene anawabwelela. Mayi wa chala chopindika sindinamuonenso chichokele kukampu. Tomasi alipo, maso ndiwo akufooka. Zuze alipo, amanditcha achemwali. Amai anga awili anagona moyandikana ku Kaumbwe, pansi pa mtengo wa msolo. Mvula ikatha ndimapita ndi khasu kukalambula, ndipo ndimayambila paliponse pamene udzu wakula kwambili.